Mukufuna nyimbo za pop ndi rock zachikatolika? Yambirani apa, koma musazithire zonse m'Misa

Ambiri tikamva zoti nyimbo yachikatolika timangoganiza kwaya, kiyibodi, ng'oma ndi visekese basi. Koma ziliponso za gitala yamagetsi ndi madiramu, zoimbidwa ndi Akatolika enieni, ena ndi ansembe amene. Vuto ndi loti ukangolemba "gospel" pa YouTube zimene zimabwera ndi Hillsong, Bethel ndi Elevation, magulu abwino ndithu koma si achikatolika, ndiye munthu amatha kumvera chaka chonse osakumana ndi nyimbo imodzi yokamba za Ukaristia kapena Amayi Maria.

Ndiye choyamba, sakani ndi dzina la woimba. Yambani ndi Matt Maher, wobadwira ku Newfoundland ku Canada, amene pano ndiye dzina lalikulu pa nyimbo zamtunduwu mu Chingerezi. Mu 2013 pa World Youth Day ku Rio de Janeiro anagwada pa gombe la Copacabana n'kuimba "Lord, I Need You" nthawi yopembedza Yesu mu Ukaristia, Papa Francis ali pomwepo, anthu pafupifupi 3 miliyoni. Kanemayo ilipo pa intaneti, ioneni, muona kuti munthuyo analibe zambiri, gitala imodzi basi. Mukamumva iyeyo pitani kwa Sarah Kroger, Sarah Hart, Steve Angrisano, ndi gulu la The Vigil Project limene limakonda kutulutsa nyimbo motsata nyengo za mpingo. Kulinso Fr Rob Galea, wansembe wochokera ku Malta amene amatumikira ku Australia, yemwe mu 2015 analowa mpikisano wa X Factor, zake ndi za pop kwambiri ndipo achinyamata amazigwira msanga. Amene mumakonda zofatsa, John Michael Talbot. Mkulu ameneyu ankaimba country rock m'gulu la Mason Proffit asanalowe Chikatolika mu 1978, ndipo zake ndi zomvera usiku kapena m'mawa musanayambe korona.

Musaope zilankhulo zina ayi. Rock yeniyeni yolemera, ya gitala yolira, muipeza ku Brazil kwa Rosa de Saron, gulu lomwe linayambira mu Charismatic Renewal mumzinda wa Campinas mu 1988. Ku Spain kuli Hakuna Group Music, ku Argentina kuli Athenas. Ku Italy kuli Gen Rosso ndi Gen Verde a gulu la Focolare, amene anayamba mu 1966 ku Loppiano pomwe Chiara Lubich, woyambitsa gululi, anapatsa anyamata madiramu ofiira, atsikana n'kuwapatsa obiriwira, mayinawo anachokera pamenepo, poti mu Chitaliyana rosso ndi kufiira, verde ndi kubiriwira. Achibale athu a ku Tete ndi ku Angónia amene amamva Chipwitikizi apa ali pabwino, chifukwa za ku Brazil n'zambiri zedi moti simungazimalize.

Ndipo tisamachite ngati zonsezi n'zakunja. Alleluya Band ya ku Balaka inayamba mu 1978 pa parishi ya Akatolika mothandizidwa ndi Bambo Mario Pacifici, ndipo Paul Banda ndi malemu Lucius Banda anadutsa mmenemo. Magitala ndi madiramu pa nkhani za Mulungu ife tinazidziwa kalekale, kungoti kwathu zinatsamira ku reggae. Ikani zawo zakale mu pleyilisiti yanu, ndipo muzitcherako khutu ku Radio Maria, Radio Alinafe kapena Luntha TV kuti mudziwe zimene oimba akwathu akutulutsa.

Za data nazo tisazibise. Spotify ndi Boomplay pitani ku ma setting mutsitse kolite, pa YouTube ikani 144p ngati mukungomvera, chithunzi cha chani. Mukapeza WiFi dawunilodani zimene mwazikonda. Komanso muzimitse autoplay, apo ayi mukayamba ndi Matt Maher pofika nyimbo yachinayi mwabwerera kale ku Hillsong osadziwa.

Tsopano pamene pagona nkhani. Musapange pleyilisiti imodzi, pangani zitatu: yomvera, yopempherera pagulu, ndi ya Misa. Yomvera ija ikani chilichonse chimene chikukufikani pamtima, m'minibasi, pochapa, kuntchito, palibe wokufunsani. Yachiwiri ndi ya pa msonkhano wa achinyamata, ritiriti, mapemphero a charismatic, kumphakati, ndi nthawi yopembedza Ukaristia. Kumeneku ndiye kwawo kwenikweni kwa nyimbo zimenezi, chifukwa zambiri zinabadwira mmenemo, kuyambira pa Charismatic Renewal imene inayamba mu 1967 pakati pa ophunzira a Duquesne University ku Pittsburgh, kudzafika ku Life Teen, gulu la achinyamata achikatolika, imene inayamba mu 1985 ku Mesa, Arizona. Yachitatu ija, ya Misa, ikhala yaifupi kwambiri, ndipo musadandaule ikakhala ndi nyimbo zochepa chabe.

Chifukwa chake n'choti Misa ili ndi malamulo ake, si maganizo a bambo mfumu kapena a kwayamasitala ayi. Chikalata cha Vatican II (msonkhano waukulu wa aepiskopi a dziko lonse) chokamba za liturjiya, Sacrosanctum Concilium cha 1963, chimapereka malo oyamba kwa nyimbo za Gregorian ndipo chimalemekeza limba la mapaipi, koma chimalolanso zida zina ngati aepiskopi a dera avomereza ndipo zidazo zikuthandiza anthu kupemphera. Chikalata chomwecho chimanenanso kuti maimbidwe a anthu a m'maiko ngati athu apatsidwe malo oyenera, n'chifukwa chake ng'oma zinalowa m'tchalitchi. Ndiye gitala payokha si tchimo. Koma pali zigawo zimene simungazisinthe ndi nyimbo ina ngakhale ikome bwanji: Ulemu kwa Mulungu uli ndi mawu ake, Woyera ali ndi mawu ake, Mwanawankhosa chimodzimodzi, ndipo Salimo la pakati pa mawerenga ndi Mawu a Mulungu, simungalichotse n'kuikapo kolasi imene mwaikonda sabata imeneyo. Malo amene muli ndi mpata ndi polowa, pa zopereka, polandira Ukaristia, pothokoza ndi potuluka. Ine ndikanati yambani ndi yothokoza kapena yotulukira, kumeneko anthu salimbana nanu kwambiri.

Musanaphunzitse kwaya, khalani pansi muwerenge mawu a nyimboyo popanda kuimvera, chifukwa gitala imanyenga. Dzifunseni, kodi ikuti "ine" kuyambira poyamba mpaka pomaliza? Zambiri za pop zimatero, ine ndi Yesu wanga, ndipo m'mahedifoni zili bwino, koma pa Misa tikupemphera ngati mpingo, payenera kumveka "ife". Ikakhala ya polandira Ukaristia yang'anitsitsani ngati ikunena za Thupi ndi Magazi a Khristu kapena ikungoti mkate ndi vinyo zokumbukira, apa ndi pamene nyimbo za abale athu a mipingo ina zimasiyana ndi chikhulupiriro chathu, ndipo mu 2020 komiti yoona za chiphunzitso ya aepiskopi a ku America inatulutsa chikalata chochenjeza za zomwezi. Palinso kalata ya Vatican ya 2008 imene inati dzina la Mulungu la Chiheberi lija, Yahweh, lisamatchulidwe mu liturjiya, m'malo mwake tiziti Ambuye. Nyimbo zamakono zambiri zimalitchula, ndiye zimenezo zisiyeni mu pleyilisiti yomvera.

Kalendala nayonso muziiyang'ana. Mu Lenti palibe Aleluya, ndipo mungadabwe kuti ndi nyimbo zingati za rock zimene zili ndi Aleluya mu kolasi. Mu Lenti momwemo zida zimaloledwa kungothandizira mawu, osati kuimba pazokha, kupatula Lamulungu lachinayi ndi masiku a zikondwerero, ndiye solo ya gitala ija isungeni ya Pasaka. Mu Adiventi zida ziimbidwe modekha, ndipo Ulemu kwa Mulungu suimbidwa Lamulungu.

Mukapeza nyimbo yodutsa zonsezi, ntchito ina ndi kuitsitsa kuti anthu aifikire. Oimba a mu situdiyo amakweza mawu kwambiri, Matt Maher akafika pa kolasi amuna ambiri m'tchalitchi amangokhala chete. Tsitsani kiyi, pa kiyibodi pali batani la transpose, pa gitala gwiritsani kapo (kachipangizo kopanira nsambo posintha kiyi), cholinga n'choti mawu apamwamba asapitirire noti ya D, apo agogo ndi ana angathe kutsatira. Dulani intro yaitali ija. Bridge, kachigawo kaja kobwera nyimbo ikamapita kumapeto, imene mu rekodi amaibwereza kambirimbiri inu imbani kamodzi kapena ichotseni, ndipo muzionetsetsa ku guwa, wansembe akamaliza kusamba m'manja nyimbo ya zopereka izitha, asaime kudikira inu kuti mumalize. Wa madiramu agwire ndi timitengo topepuka kapena angotenga ng'oma yamanja, chifukwa matchalitchi athu ambiri ndi a malata ndi simenti, phokoso limabwerera kawiri. Muyeso wake ndi wophweka: tumizani mmodzi akaime kumbuyo kwenikweni pa pulakatisi, ngati akumva sipika yokha osamva anthu, tsitsani. Nyimbo m'tchalitchi ili ngati mchere mu ndiwo, ukamveka wokha ndiye kuti wachuluka. Muyesenso kuiimba popanda chida chilichonse, magetsi akhoza kuzima pakati pa vesi yachiwiri ndipo nyimbo imene imadalira bass kuti iime imagwa pomwepo.

Pa mapemphero opembedza Ukaristia, musadzaze ola lonse ndi nyimbo. Imbani imodzi, siyani chete wa mphindi zingapo, wina awerenge ndime ya Uthenga Wabwino, chete winanso, kenako ina. Oimba mukhale pambali, osati kutsogolo kwa guwa mutafulatira Sakramenti, ndipo wotsogolera asamayankhule pakati pa vesi iliyonse. Izi zimavuta kwa amene anazolowera ma concert, koma anthu sanabwere kudzaona inu.

Kumasulira mu Chichewa n'kwabwino, kumidzi ndi m'maparishi ambiri Chingerezi chimasiya theka la mpingo panja. Koma mawu athu ndi aatali, mzere wa Chingerezi wa masilabulo 8 ukhoza kufika 15, ndiye musaumirize liwu ndi liwu, tengani ganizo lake mulembe mzere umene pakamwa pangaunyamule, kenako mupatse akatekisi kapena wansembe aone ngati chiphunzitso sichinapotoke. Ndipo mukafuna kujambula n'kuika pa YouTube kapena kugulitsa, dziwani kuti nyimboyo ili ndi mwini wake ngakhale mwaimasulira, pamafunika chilolezo, a COSOMA, bungwe loona za umwini wa nyimbo, angakuuzeni poyambira.

Kwa bambo mfumu musapite Lamulungu m'mawa Misa ili pafupi kuyamba. Pitani pakati pa sabata, mawu a nyimbo mutawalemba papepala, muwauze chigawo cha Misa chimene mukufuna kuiika ndi Lamulungu lake, ndipo ngati n'kotheka muwamveretse mmene inuyo mukuiimbira osati rekodi ya ku America. Akavomera, iphunzitseni mpingo kolasi yokha Misa isanayambe, ndipo muibwereze Malamulungu angapo otsatizana musanabweretse ina yatsopano.