Momwe mungagwirire umonita pa senta yovotera potsata malamulo atsopano a zisankho

Anthu ambiri akamva za malamulo atsopano a zisankho amangodziwa za 50+1 basi, koma ife amene takhalapo mamonita tikudziwa kuti lamulo lingakhale labwino chotani, chisankho chimatetezedwa kapena kubedwa pa tebulo lowerengera mavoti paja. Nonse mukukumbukira za tipeksi wa pa 21 May 2019, madando 147 aja, mpaka majaji asanu otsogozedwa ndi a Healey Potani anafafaniza zotsatira za pulezidenti pa 3 February 2020 ndipo tinakavotanso pa 23 June. Umboni wambiri ku khoti kuja unali mapepala a zotsatira, ena ofufutidwa, ena osasainidwa, ena maduplicate. Ndiye ngati mukufuna kudzathandiza pa zisankho zapadera zikubwerazi kaya cha 2030, nazi zimene ndaziona.

Muyambe mwalidziwa lamulo

Aphungu anaphatikiza malamulo a chisankho cha pulezidenti, aphungu ndi makhansala kukhala limodzi, Presidential, Parliamentary and Local Government Elections Act ya 2023. Simukuyenera kuliloweza lonse ayi. Dziwani kuti kuvota kumayamba 6 koloko m'mawa kutseka 4 koloko madzulo osati 6 ngati kale, ndipo amene ali kale pa mzere nthawi yotseka amavota. Kampeni imatha kutatsala maola 48. Kulembetsa ndi chitupa cha unzika cha ku NRB, za makalata a amfumu zija zinatha. Ndipo MEC ili ndi masiku 8 olengeza za pulezidenti, 14 za aphungu, 21 za makhansala.

Lamuloli lili pa intaneti ulere, ingotsitsani mufoni. Pali anyamata ena amagulitsa tima fotokope tamalamulo m'tauni, ine ndinaonapo kena kali ndi malamulo akale aja a 6 koloko angosintha chikuto, musataye ndalama zanu.

Dzina lanu lipite nthawi yabwino

Monita samangodzuka n'kupita pa senta. Chipani kapena kandideti woima payekha amapereka mayina ku MEC, mumalandira chiphaso, popanda chimenecho apolisi akubwezani pa geti ndipo alibe mlandu. Ngati simukufuna zachipani pitani kudzera ku mabungwe oyang'anira zisankho monga NICE, CCJP kapena PAC. Pemphani senta imene munalembetsa kuti nkhani yovota inuyo isavute, komanso anthu a m'deralo mumawadziwa nkhope. Za alawansi mugwirizane poyera lisanafike tsikulo ndipo transport mulandiriretu, nkhani ya "tikupatsani tikawina" ambiri inawaliza.

Zonyamula

Kabuku, mabolopeni awiri, tochi, power bank, chakudya, juzi. Zovala zamakaka a chipani zisiyeni kunyumba ngakhale kachipewa.

Pa tochi ndi power bank pokhapa musaumire chonde. Ine ndinagula power bank kwa venda wina pa depoti, yolemera bwinobwino yolembedwa manambala akuluakulu, mtengo theka la ya mushopu, inatchaja foni kamodzi osadzadza n'komwe basi yafa, kuitsegula mkati muli tibatire tiwiri ndi mchenga. Gulani mushopu yopereka lisiti ndipo muiyese kunyumba kaye. Bando ya data mugulenso dzulo lake.

M'mawa

Fikani kusanache. Bokosi lililonse alionetse kuti mulibe kanthu asanatseke, ndipo lembani manambala a maseal onse mukabuku. Lembaninso kuti abweretsa mapepala ovotera angati pa chisankho chilichonse mwa zitatuzo ndi manambala ake oyambira ndi othera. Ambiri apa amakhala akucheza, koma nambala imeneyi ndi imene idzakupulumutseni usiku.

Masana ntchito ndi maso basi. Munthu akumupeza m'kaundula, makina a MEC akumutsimikizira, inki akumupaka. Makinawa paja anabweretsa mkangano chaka cha 2025 chifukwa cha kampani ya Smartmatic, zipani zotsutsa sizinkawakhulupirira, koma inu dziwani kuti voti imaponyedwa pa pepala ndipo imawerengedwa ndi manja pamaso panu. Ineyo ndimati tizilimbikira pamenepo. Makina akajama lembani nthawi imene ajama ndi imene ayambanso. Samalaninso ndi munthu mmodzi amene akungobwerabwera ndi agogo osiyanasiyana kuti akuwathandiza kuvota, muuzeni presiding officer, amene amayang'anira kuvota pa sentapo, mwaulemu, osakuwa.

Kuwerenga, apa ndiye pagona nkhani

Bokosi lisanatsegulidwe onani ngati maseal ali omwe aja a m'mawa. Kenako masamu ayambe mavoti asanagawidwe kwa makandideti. Mapepala amene munalandira akuyenera kufanana ndi otsala, kuphatikiza owonongeka asanaponyedwe, kuphatikiza amene atuluka m'bokosi. Tinene kuti analandira 600, otsala 180, owonongeka 5, ndiye m'bokosi mukuyenera kutuluka 415, osati 414 osati 420.

Pa senta yathu zinasokonekera pomwepa. Pali mapepala a mitundu iwiri imene anthu amaiphatikiza. Lina ndi lija munthu walakwitsa kuchonga n'kulibweza kuti amupatse lina, limenelo silinalowe m'bokosi. Lina ndi lotuluka m'bokosi koma lachongedwa anthu awiri kapena silinachongedwe n'komwe, imeneyo ndi voti yowonongeka koma munthuyo anavota. Kalaliki wina atatopa anaika milu iwiriyi pamodzi, ndiye masamu akukana, tawerenga kubwereza akukanabe, mdima wagwa, nyali ya mukalasimo ikuthima yokha, tochi yanga yotchipa ija ikuwala ngati chiphaniphani. Anthu njala. Mpamene mkulu wina pa sentapo anati "amamonita tangosainiranitu mafomuwa, manambala tidzaza tikapeza pavuta, kuti wina aliyense azipita." Ndipo anzanga ena anasaina, osati chifukwa cha chinyengo koma kutopa, wina anali ndi mwana wamng'ono kunyumba.

Abale, musadzasaine fomu yopanda manambala, olo akunyengerereni bwanji, olo akhale aphunzitsi anu akale. Siginecha yanu ikutanthauza kuti zimene zalembedwazo mwaziona ndi maso, ndipo ku khoti loya adzakufunsani kuti iyi si siginecha yanu kodi. Ine ndinawayankha kuti bwana pepani, tiyeni tiyambirenso, ndipo chinatithandiza ndi kabuku kaja chifukwa ndinkalemba nthawi iliyonse munthu akabweza pepala lolakwika. Titawachotsa amenewo pa muluwo masamu anagwirizana. Chinanso chimene chimachitika ndi pepala la khansala kulowa m'bokosi la phungu, ndiye masamu akakana musathamangire kukuwa kuti abera, funsani kaye kuti aone mabokosi enawo.

Voti iliyonse aikweze m'mwamba muione. Akati yowonongeka koma inu mukuona kuti munthuyo wasankha ndani, tsutsani pomwepo ndipo zilembedwe. Pa 50+1 mavoti ochepa omwewo atha kupangitsa kuti dziko lonse likavotenso.

Polemba fomu imani pafupi. Manambala ndi mawu zifanane, ngati alemba 215 mawunso anene zomwezo. Akalakwitsa asafufute, asadindikize nambala pamwamba pa inzake, ndipo mukangoona kabotolo ka tipeksi pa tebulo funsani kuti kakutani pano. Kukonza kulikonse kuchitike nonse mukuona ndipo musainire pambali pake. Mukatero landirani kope yanu, ndi ufulu wanu si chifundo cha munthu, ndipo muiwerenge musanatuluke chifukwa yanga inali yosaoneka bwino moti 3 ndi 8 osasiyanitsa, foni yoti ndijambule itathima kalekale. Ndinachita kubwereka ya monita wachipani china, ndipo anandibwereka bwinobwino, pa senta musadane ndi anzanuwo mumafunana. Jambulani fomu yoyambirira yonse, dzina la senta ndi masiginecha zioneke.

Ngati simukugwirizana nazo lembani dandaulo pa pepala, nthawi, chimene chachitika, amene analipo, mupereke kwa presiding officer musunge kope. Dandaulo lapakamwa kapena la pa Facebook silipita kulikonse.

Zotsalazo

Tumizani chithunzi kwa amene anakutumani nthawi yomweyo. Perekezani zotsatira ku tally centre ya dera lanu ngati galimoto ilipo, kabaza usiku umenewo amakweza mtengo kawiri ndiye mugwirizane naye masana. Kumeneko onani kuti zimene akulowetsa mumakina ndi zomwe zili pa pepala lanu. Zikachoka apo zimapita ku khonsolo kenako ku likulu lowerengera, la 2025 linali ku BICC ku Lilongwe, uko kuli ena oyang'anira.

Musalengeze wopambana pa WhatsApp, imeneyo ndi ntchito ya MEC. Kope yanu ija ikani mu pulasitiki musunge pouma pamodzi ndi kabuku, nthawi yokasuma ku khoti imakhala yochepa kwambiri ndiye maloya akaifuna muipereke tsiku lomwelo.