Kukonza Zolakwika za Loop ndi Input mu Python

Achinyamata ambiri olankhula Chichewa kuno ku Harare amene ayamba kuphunzira Python, chilankhulo cholembera mapulogalamu a kompyuta, amakodwa pamalo amodzimodzi: pulogalamu ikangofunsa munthu kuti alembe nambala, loop (gawo la pulogalamu lobwereza ntchito imodzimodzi) imazungulira osaima, kapena imapereka yankho lolakwika.

Tiyerekeze kuti mukulemba pulogalamu yowonkhetsa ndalama za matimati ogulitsidwa ku msika wa Mbare Musika, yomwe iyenera kuima wogulitsa akalemba 0. Choyamba, kumbukirani kuti input(), lamulo lolandira zimene munthu walemba, imabweza mawu nthawi zonse, osati nambala, choncho "0" ndi 0 si zofanana kwa kompyuta ngakhale zikuoneka chimodzimodzi m'maso mwanu. Kuti mawuwo asanduke nambala, lembani int(input()), kapena float(input()) ngati mtengowo uli ndi masenti. Munthu akalemba zilembo m'malo mwa nambala, Python idzaonetsa uthenga wa cholakwika wotchedwa ValueError, ndipo njira yabwino ndi kugwiritsa ntchito try ndi except, malamulo ogwira zolakwika, kuti pulogalamu imufunsenso m'malo mongofera panjira.

Cholakwika chachiwiri n'chobisika kwambiri, ndipo chimapusitsa ngakhale ozolowera. Ngati input() ili pamwamba pa while (mawu oyambitsa loop) pokha, osabwerezedwa mkati mwake, nambalayo sisintha ndipo loop sidzatha. Dinani Ctrl+C kuti muiimitse, kenako ikani print() mkati mwa loop kuti muone zimene variable (dzina losungira nambala yolembedwayo) yasunga pa kuzungulira kulikonse. Onetsetsaninso kuti total = 0, mzere woyambitsa chiwonkhetso pa 0, ili kunja kwa loop, chifukwa ikakhala mkati, ndalama zonse zowonkhetsedwa zimafufutika nthawi iliyonse.

Za range(), yomwe imapereka manambala motsatizana, n'zachidule: range(1, 10) imathera pa 9, osati pa 10.