Mmene mungapezere hydra m'dziwe n'kuona mmene amasakira chakudya

Mphunzitsi amene akufuna kuti ana amvetse mmene zamoyo zimadyerana sasowa kupita nawo kunyanja yamchere, chifukwa m'maiwe mumapezeka kanyama kotchedwa hydra, komwe ndi ka m'gulu la Cnidaria, limodzi ndi jellyfish (nyama zofewa za m'nyanja zooneka ngati ambulera) ndi makorali (tinyama timene timamanga matanthwe pansi pa nyanja). Ngakhale m'nyanja ya Tanganyika ndi ya Kariba muli jellyfish yaing'ono yotchedwa Limnocnida, ya m'gulu lomweli.

Sankhani dziwe la madzi odekha lomwe muli zomera zambiri. Valani majombo ndi magolovesi, pakuti madzi otere ndi amene mumakhala nkhono zofalitsa likodzo. Thyolani masamba angapo a kakombo kapena zomera zina zomira, muziike m'botolo lagalasi pamodzi ndi madzi a m'dziwemo. Madzi apampopi ayi, popeza mankhwala ake amapha tinyamati.

Ikani botololo pamthunzi ndipo musaligwedeze mpaka kutacha. Apa m'pamene ambiri amalephera, chifukwa hydra kakadzidzimuka kamadzikhwinyata n'kuoneka ngati kadontho ka matope. Kakamasuka, mudzakaona katamata pagalasi, kowonda ngati ulusi, kotalika pafupifupi sentimita imodzi, timanja take tikulendewera mozungulira pakamwa. Galasi lokulitsa zinthu lithandiza kwambiri.

Tsopano sefani madzi ena a m'dziwe pa kansalu kuti mugwire Daphnia, tizilombo tosambira modumphadumpha, n'kutithira m'botolo. Kamodzi kakangokhudza kadzanja ka hydra kamaima nji, chifukwa m'timanjamo muli maselo oponya timinga taululu, ndipo maselo amenewa ndiwo chizindikiro cha gulu lonse la Cnidaria. Kenako timanjato timapinda pang'onopang'ono kupereka chakudyacho kukamwa. Zotsalira zimatulukiranso pakamwa pomwepo, popeza thupi lake lili ndi khomo limodzi lokha.

Zikatere afunseni ana kuti Daphnia uja anadya chiyani. Yankho ndi ndere, zomwe zimapanga chakudya chawo ndi kuwala kwa dzuwa. Choncho Daphnia ali pa gawo loyamba la odya, hydra pa gawo lachiwiri, ndipo nsomba zina zazing'ono zimene zimadya hydra zili pa gawo lachitatu.

Mukapeza hydra kobiriwira, musakanyoze kuti n'kodwala: m'maselo ake mumakhala ndere zamoyo zimene zimakagawirako chakudya, nakonso n'kumazipatsa pokhala. Phunziro likatha, bwezerani madzi ndi zomerazo m'dziwe lomwe munazitenga.