Momwe mungaphikire nsima, ndiwo ndi futali kuti zikome koma zisakudwalitseni

Malume anga atauzidwa kuchipatala kuti BP yakwera ndipo shuga wayamba kusuntha, anafika kunyumba ali ndwii ngati awalanda munda. Ankaganiza kuti nsima atsazikana nayo basi. Nsima akudyabe mpaka lero. Chimene chinasintha ndi kaphikidwe, ndipo inunso mutha kuyesa motere.

Choyamba, yambirani kuchigayo. Kuti ufa uyere, chimanga chimakonoledwa, kuviikidwa m'madzi masiku angapo, kenako n'kuyanikidwa. Gaga amene timathira nkhuku uja amapita ndi zothandiza kugaya chakudya m'mimba pamodzi ndi mavitamini a gulu la B. Mgaiwa umasunga zonsezi, komanso munthu sumva njala msanga. Vuto lake tikulidziwa: ambirife mgaiwa tinaudya kusukulu zogonera komweko ndi nyemba zofumbwa, ndiye kungomva fungo lake mtima umabwerera. Choncho musasinthe tsiku limodzi. Sakanizani mbale zitatu za ufa woyera ndi imodzi ya mgaiwa kwa masabata awiri, kenako mufike pa theka ndi theka. Phala lake lisiyeni libwate nthawi yotalikirapo musanayambe kuvundula, apo ayi nsima imamveka yaiwisi. Musagayitsenso wambiri, chifukwa mgaiwa suchedwa kununkha. Ndipo ngati mumadya mitanda itatu, bwererani pa iwiri, malo otsalawo mudzaze ndiwo zamasamba.

Chachiwiri, mchere. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limalangiza kuti munthu wamkulu asapitirire magalamu 5 patsiku, komwe ndi pafupifupi kasupuni kamodzi ka tiyi, kuwerengera zakudya zonse za tsikulo. Yezani ndi supuni m'malo motapa ndi dzanja, ndipo kambale ka mchere kachoke pamkeka. Timakyubu tokometsera ndiwo tija nato n'todzaza mchere, ndiye mukathira kamodzi musawonjezerenso wina.

Chachitatu, masamba. Soda ndi chidulo zimafewetsa ndiwo msanga, koma zimawononga mavitamini. Nkhwani wanthete mukamusadzula bwino safuna soda ayi. Thirani m'madzi ochepa owira kale, vundikirani, muphule akadali obiriwira, ndipo msuzi wake musataye. Pa therere ndiye tisanamizane, lopanda soda ambiri salikonda. Lidulenidulen tizidutswa tating'ono kwambiri, soda mungothira kansonga ka supuni.

Chachinayi, mafuta. Botolo likapendekeka pamwamba pa poto, dzanja silidziwa poimira. Supuni imodzi yaikulu imakwanira poto wa ndiwo za banja. Masiku ena mafutawo asiyeni, mutendere chisoso, bonongwe kapena mpiru ndi nsinjiro. Koma mtedza muziusankha musanasinje. Wofota, wakuda ndi wa chuku tayani, chifukwa chukucho chimakhala ndi poizoni amene amawononga chiwindi, ndipo kukazinga sikumuchotsa. Usipa wouma uyambe wakazingidwa pachiwaya chopanda mafuta mpaka uchite fungo, kenako ulowe mu tomato ndi anyezi.

Chachisanu ndi kadzutsa, ndipo apa ine ndimaikira kumbuyo futali. Mandasi awiri ndi tiyi wa masupuni atatu a shuga, pofika 10 koloko m'mimba mwayamba kale kulira. Gulani mbatata yofiira m'kati, monga Kadyaubwerere, Zondeni kapena Chipika, imene imapatsa thupi vitamini A. Isendeni, muidule zidutswa zazikulu, muwiritse ndi madzi ongofika pakati pa mbatatayo. Ikatsala pang'ono kupsa, sungunulani nsinjiro m'kapu ya madzi, muthire pamwamba ndi kamchere pang'ono, muchepetse moto. Musatakase ndi mthiko pafupipafupi, ingasanduke phala, ingogwedezani potoyo. Mafuta a mu nsinjiro ndi amene amathandiza thupi kutenga vitamini uja. Shuga musathire, mbatatayi ndi yotsekemera kale. M'tiyi namo chotsani theka la supuni sabata iliyonse, lilime limazolowera osazindikira.

Chipisi cha pachiwaya chokha ndiye malume sanachisiyiretu. Amadya kamodzi pamwezi akalandira, ndipo amayamba asuzumira m'chiwayamo. Mafuta akakhala akuda bii, amadutsa n'kukafuna pena.