Momwe mungasankhire kamera poyang'ana sensa ndi purosesa

Wogulitsa kamera amathamangira kutchula ma megapixel (mamiliyoni a timadontho topanga chithunzi), chifukwa nambala yaikulu imakoma m'khutu. Koma Canon, Nikon, Sony ndi Fujifilm masiku ano akulimbirana zipangizo ziwiri zobisika mkati. China ndi sensa, kagalasi kamene kali kuseri kwa lenzi kolandira kuwala. China ndi purosesa, imene imasandutsa kuwalako kukhala chithunzi n'kuuza lenzi pamene iyang'ane. Ngati mukufuna kamera yojambulira zinkhoswe, maukwati kapena mpira, tsatani izi musanatulutse ndalama.

Choyamba, funsani kukula kwa sensa. Ya full-frame ndi mamilimita 36 kwa 24. Ya APS-C ndi pafupifupi 23.5 kwa 15.6, ngakhale ya Canon ndi yocheperako pang'ono, ndipo ya Micro Four Thirds ndi 17.3 kwa 13. Sensa yaikulu imatolera kuwala kochuluka, choncho m'tchalitchi chamdima kapena mu holo dzuwa litalowa, nkhope ya mkwatibwi imatuluka yosalala, yopanda timadontho. Sony a7S III ili ndi ma megapixel 12 okha, koma ojambula mavidiyo a usiku amailemekeza. Pa ntchito ya maukwati, ma megapixel 24 ndi okwanira.

Chachiwiri, yesani liwiro la sensayo, chifukwa mpikisano wakula pamenepa. Sony ndiye amapanga masensa ambiri padziko lonse, ndipo ena amagulitsa kwa opikisana nawo omwewo monga Nikon ndi Fujifilm. Canon amapanga ake ambiri yekha, ndipo mu 2013 anatulutsa sensa ya Dual Pixel mu kamera ya EOS 70D, imene inathandiza kuti lenzi izitsata munthu bwinobwino pojambula vidiyo. Mu 2017 Sony anabwera ndi a9, ya sensa yosanjikiza yojambula zithunzi 20 pa sekondi mwakachetechete. Nikon anayankha mu 2021 ndi Z9, ndipo sensa yake anaidalira mpaka kuchotseratu shutter ya makina, kachitseko kotsegula ndi kutseka kuwala kolowa ku sensa. Mu 2023 Sony analengeza a9 III, imene imawerenga chithunzi chonse nthawi imodzi, pamene masensa ena amawerenga mzeremzere kuchokera pamwamba kutsika pansi.

Makamera amenewa ndi odula zedi, koma vuto limene akulimbana nalo lidzakupezani inunso. Mu shopu momwemo, ikani kamera pa vidiyo, lozetsani pa mphuthu ya chitseko, kenako itembenuzeni mofulumira uku ndi uku. Mphuthuyo ikaoneka yopendekeka kwambiri, sensa imachedwa kuwerenga. Jambulaninso pansi pa mababu a LED kamera ili pa silent, pojambula mwakachetechete. Mukaona mizere yakuda yopingasa, dziwani kuti ku holo ya ukwati zidzakhala chimodzimodzi. Magetsi athu ndi a 50Hz, ndiye kuika liwiro la shutter pa 1/50 kapena 1/100 ya sekondi kumachepetsa mizereyo.

Chachitatu, werengani dzina la purosesa, makamaka nambala kapena zilembo zake zakumapeto. Ya Canon ndi DIGIC, ya Nikon ndi EXPEED, ya Sony ndi BIONZ, ya Fujifilm ndi X-Processor. Kufananitsa DIGIC X ndi EXPEED 7 pa dzina lokha n'kutaya nthawi. Fananitsani mibadwo ya kampani imodzi. Nikon Z50 ya mu 2019 ndi Z50II ya mu 2024 zonse zili ndi ma megapixel 20.9, koma yachiwiriyi anaiikira EXPEED 7, purosesa ya mu Z9, ndipo imazindikira anthu, nyama, mbalame ndi galimoto. Fujifilm anachitanso zomwezo pa X-S20 mu 2023: sensa ya m'badwo wapitawo, purosesa yatsopano. Kwa ine, wojambula ovina pa pelekanipelekani amapindula kwambiri ndi purosesa yogwira diso la munthu woyendayenda kusiyana ndi ma megapixel owonjezera. Uzani mnzanu ayende kubwera kwa inu, mujambule motsatizana, kenako muwerenge zithunzi zimene maso atuluka akuthwa.

Chachinayi, kumbukirani kuti mukagula kamera mwakwatira banja lonse la malenzi. Kampani iliyonse ili ndi mtundu wake wa polumikizira lenzi: Canon ali ndi RF, Nikon ali ndi Z, zonse zoyamba mu 2018, pamene E ya Sony inayamba kale ndipo makampani a Sigma ndi Tamron aipangira malenzi ambiri otchipirako. Funsani mtengo wa lenzi ya 50mm f/1.8 ndi wa batire lachiwiri musanagwirizane.

Ngati thumba ndi lopepuka, mpikisanowu ukukomerani, chifukwa m'badwo watsopano ukatuluka wakale umatsika mtengo. Sony a7 III ya mu 2018 kapena Canon EOS R6 ya mu 2020 zikugwirabe ntchito ya ukwati popanda chodandaula. Pogula yogwiritsidwapo kale ntchito, funsani shutter count, chiwerengero cha zithunzi zimene kamerayo yajambula kale. Kenako ikani lenzi pa f/16, kutanthauza kuchepetsa chibowo cholowera kuwala, jambulani khoma loyera, ndipo chithunzicho muchikulitse pa kompyuta. Timadontho takuda ndi fumbi chabe, limapukutika. Mzere wowongoka umene ukubwera pamalo omwewo pa chithunzi chilichonse ndi chilema cha sensa, ndipo kamera yotere musagule ngakhale atakutsitsirani mtengo.