Mukapita ku Skomer, phazi lisachoke m'njira

Amene mukufuna kukaona mbalame za kunyanja pachilumba cha Skomer ku Wales, pitani mu Meyi, ma puffin (timbalame ta mlomo wofiira) atabwera kale kudzaikira mazira. Tikiti ya boti yochokera ku Martin's Haven gulirani pa intaneti nthawi ikadalipo, malo satenga nthawi kutha. Mphepo ya kumpoto ikavuta boti silinyamuka, ndiye musakonzere tsiku limodzi lokha.

Chachikulu ndi ichi: pansi ponse mpophweka. Ma puffin, ma Manx shearwater (mbalame zinanso za kunyanja) ndi akalulu anakumba mauna paliponse. Mukangoponda pambali kuti chithunzi chikome, phazi lobooka, dzira phwa! Ndipo puffin amaikira dzira limodzi lokha pachaka.

Pamalo otchedwa The Wick musavutike n'kuwathamangira. Ingoimani duu. Kambalame ka mlomo wofiira ngati kopaka penti kadutsa pafupi ndi nsapato yanu kakupita kuuna kwake. Mukaona kakungozungulira, dziwani kuti mwakatsekera njira, sunthani.

Tengani kamba, madzi ndi jekete yochindikala, ngakhale dzuwa liwale bwanji. Masitepe okwera mukatsika boti nawonso si masewera, mawondo amadandaula.