Kuphunzitsa Chifalansa ndi nkhani za RFI pafoni

Aphunzitsi, mwafunsa mmene ana anu ku Mchinji angamvere Chifalansa cha eni ake pomwe netiweki kusukulu imavuta. Mukhale ndi foni, bandulo ya intaneti ndi sipika ya Bluetooth yotchajidwa bwino.

1. Dzulo lake, muli pomwe netiweki ikugwira, mwina pa Boma, tsegulani tsamba la RFI (wailesi ya ku France, Radio France Internationale) mufufuze Journal en français facile. Ndi nkhani za mphindi 10.
2. Dawunilodani mawuwo, mukopere ndi zolembedwa zake.
3. Sankhani nkhani imodzi yokha, yosapitirira mphindi 2. Apa ndi pomwe ambiri amalakwitsa: amaseweretsa pulogalamu yonse, ana a Fomu 2 n'kusokonezeka pasanathe mphindi imodzi. Atolankhaniwo amalankhula mwachifatse ndithu, koma kwa wongoyamba ndi liwiro.
4. Lembani pabolodi mawu atsopano asanu ndi mafunso awa: qui (ndani), où (kuti), quand (liti).
5. Sewerani kawiri ana asanaone zolembedwa, ayankhe awiriawiri.
6. Kachitatu amvere akuwerenga zolembedwazo, kenako abwereze ziganizo mokweza, inu mukukonza katchulidwe.